Nyumba Zopanda Kumbuyo

Pa Kachigwa ndi pamalo aang'ono: magolosale ochepa, chigayo, tchalitchi, sukulu ya pulaimale ndi msewu wafumbi wotsika kumapiri a Ntchisi kulowera kwa Dzoole. Kuseri kwa magolosalewo kumadutsa mtsinje wa Mphondwe, umene m'chilimwe mbuzi imaudumpha osanyowa ziboda. Koma madzi saiwala khwawa. Chiyambireni anamondwe a masiku anowa, aja amabwera ndi maina ngati obatizidwa, Mphondwe anazolowera kulowa m'nyumba za anthu osaodira.

Nyumba yoyamba kuchezeredwa inkakhala tiyirumu ya Debora, chifukwa inali kumunsi kwa zonse. Debora anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, wotchuka ndi tiyi wamkaka ndi zitumbuwa zimene anyamata a kabaza ankaziyamikira mpaka ku Madisi. Amuna ake, a Malizani, anali mlimi wa fodya, munthu wofatsa koma wokonda maudindo.

Boma silinkangokhala manja lende. Chaka choyamba linabweretsa ndowa ndi mabulangete. Madzi atabweranso, nalonso linabweranso ndi ndowa, mpaka Debora ananena pamsonkhano kuti ulendo wina adzawatunga madzi onsewo n'kukawabweza kumapiri kumene achokera. Linakhazikitsa komiti yoona za ngozi, a Malizani n'kusankhidwa wapampando, n'kupatsidwa wenzulo ndi jombo zimene ankavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Linazikanso chikwangwani chochenjeza anthu za madzi osefukira, ndipo madziwo anapita nacho mvula yoyamba. Kenaka, litatopa ndi ndowa, boma linalamula kuti anthu onse asamukire pachitunda cha kum'mawa.

Uthengawo unabwera ndi a Rodrick Kalebe, bambo wachinyamata wogwira ntchito ku ofesi ina ya kuboma, waulemu, wa taye yopyapyala. Iwo anati malo atsopanowo adzatchedwa Mudzi wa Chitetezo, ndipo kudzakhala mjigo ndi msewu. Banja lililonse linalandira malata ndi simenti, ndipo wokana kusamuka asadzayembekezenso ngakhale ndowa.

Anthu anapita kukaona malowo n'kuwatcha ku Mphepo. Kunali miyala, tsekera ndi mphepo yochotsa duku kumutu. Madzi kunalibe ndi dontho lomwe. Mjigo uja unali m'kamwa mwa a Kalebe, msewunso chimodzimodzi. Debora anaima pamalo ake, nayang'ana pansi pamene basi yaing'ono inali kutsitsa anthu pakhomo pa tiyirumu yake, ndipo anadzifunsa kuti ndi munthu wanji angakwere phiri lonseli chifukwa cha chitumbuwa.

Nzeru inamubwerera tsiku limene a Kalebe anadzajambula maziko a nyumba zoyamba. Debora anaona kuti bamboyo akaima panjira n'kutola chithunzi, amapitirira ulendo, osazungulira kuseri. Anauza amuna ake kuti amange khoma lakumaso mwaluso, azikepo chitseko chabwino, makoma am'mbali afike pamene angafike, ndipo lakumbuyo adzaliona mjigo ukadzabwera. A Malizani anayamba akana, ati iwo ndi wapampando. Koma atauzidwa kuti malata otsalawo akwanira kufolera chigafa chawo chopachikamo fodya, anavomera kuti nzeruyo si yoipa kwenikweni.

Pasanathe mwezi mudzi wonse unali utatengera. Ukaima panjira, Mudzi wa Chitetezo unali wosiririka: zitseko zopaka utoto wobiriwira, makatani m'mazenera, ndipo Elube, mnzake wa Debora wogulitsa matemba, anafika podzala maluwa m'zitini. Ukazungulira kuseri, umaona khoma lolekeza m'chiuno ndi denga lolekeza pakati, mbuzi zikulowa ndi kutuluka mwaufulu.

A Kalebe anali ndi chizolowezi chimodzi chabwino. Akamabwera ankayamba aimbira lamya a wapampando, ati kuti asadzidzimutse anthu, ngakhale Debora ankati n'kuti nkhuku adzaipeze itafa kale. Lamya ikangolira, a Malizani ankaimba wenzulo ija, ndipo amene analibe chochita ankakwera ku Mphepo ndi nkhuku m'khwapa, kukasonkha moto kuti utsi uoneke ndi kuyanika zovala pachingwe. A Kalebe ankafika, kujambula, kudya, kuyamikira, n'kumapita. Galimoto ikangozimirira, nkhuku zinkatsika ndi eni ake. Zinayenda choncho dzinja limodzi lathunthu, ndipo chaka chimenecho Mphondwe anangonyambita makhonde n'kubwerera.

Dzinja lotsatira, fodya ali m'zigafa, lamya inalira mwachilendo. A Kalebe anati kukubwera bwana wamkulu wochokera ku Lilongwe, mayi Faines Chimwaza, pamodzi ndi atolankhani, kudzaona mudzi umene wasamuka mwachitsanzo. Anapempha kuti tsikulo kumunsi kusatsale munthu, ngakhale mphaka. Debora atamva zimenezi anaseka yekha, chifukwa munthu wokhulupirira kuti anthu anasamuka kale sangapemphe chotero.

Masiku amenewo wailesi inkanena za namondwe wina amene anati wafookera ku Mozambique. Pa Kachigwa kunkangogwa mvula yowaza, koma kumapiri a Ntchisi kunali kutada bii kwa masiku angapo, ziphaliwali zikung'anima ngati wina akuwotcherera zitsulo. Palibe amene anasamala. Maganizo onse anali pa alendo.

M'mawa wa tsikulo Kachigwa yense anakwera phiri. Anakwera ndi matiresi, mipando, mbuzi, mawailesi, makina osokera, ngakhale zithunzi za ukwati zoti apachike pamene zingaonekere pazenera. Okalamba ndi odwala anawakweza pangolo, ng'ombe zikupuma pamwala uliwonse. Aphunzitsi anatseka sukulu kuti ana akaimbire alendo. Debora, poti ndiye anapatsidwa ntchito yodyetsa mabwana, anasamutsa maketulo onse, makapu, mabenchi, thumba la ufa ndi la shuga. Madzi anatungidwa kumunsi, m'ndowa za boma zija, ndipo aka kanali koyamba kuti zonse zigwire ntchito tsiku limodzi.

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo. Poti msewu wokwera kumtunda kunalibe, galimoto yawo yaikulu yoyera anaiimika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tiyirumu. Mayi Chimwaza anatsika: mayi wamtali, wamagalasi, wosaseka wamba, atavala nsapato za gogoda. Anayang'ana phirilo, n'kuyang'ana a Kalebe, ndipo a Kalebe anayang'ana pansi. Mayiwo anayesa kukwera, koma gogoda ndi matope sizigwirizana. Mapeto ake a Malizani anavula jombo zawo n'kuwapatsa bwanawo, iwo n'kukwera opanda nsapato, nkhope ili ngati ya munthu amene walandidwa mpando.

Mwambo unayenda bwino. Ana anaimba, amayi analuluta, a Kalebe anawatsogolera alendo panjira yakumaso osalola phazi la munthu kupatuka. Dalaivala wa alendowo atafuna kuzungulira kuseri kwa nyumba ya Elube, Elube anamutsekereza ndi mbale ya mtedza mpaka anaiwala chimene amakafuna. Mayi Chimwaza anaima pakhomo pa Debora, nayamikira makatani, najambulitsa atagwira chitseko. Debora anati akanawalowetsa, koma mkatimo muli apongozi ake akudwala chifuwa chopatsirana. Apongoziwo anali atamwalira kalekale.

Mayi Chimwaza ali pakati pa kulankhula, kufotokoza kuti boma limaona patali, kunamveka mkokomo. Ena anayesa ndi galimoto ya fodya. A Malizani ndiwo anayamba kuzindikira. Anaika wenzulo pakamwa n'kuimba mwamphamvu, koma anthu anangowayang'ana, chifukwa kwa iwo kulira kwa wenzulo kunkatanthauza kuti alendo akubwera, pamene alendowo anali atafika kale. Kenaka wina analoza kumunsi, ndipo onse anathamangira kumphepete kwa chitunda.

Mphondwe anali kutsika ngati khoma lofiira, atasenza mitengo, mapesi ndi nthochi zozuka ndi mizu yomwe. Sanalowe m'nyumba monga ankachitira zaka zina. Ulendo uno anadutsa pakati pa Kachigwa ngati mwini malo. Chigayo chinagwada. Magolosale anatseguka okha. Debora anaona denga la tiyirumu yake likunyamuka, kuzungulira kamodzi, n'kumapita. Galimoto yoyera ija inayamba kulira yokha, nyali zikuphethira, kenaka inayandama mwaulemu, n'kubwerera chambuyo mpaka kukalowa m'chigafa cha a Malizani. Chigafacho chinaigwira kanthawi, kenaka chinaigwera.

Amayi anayamba kuitana ana awo, aliyense kugwira wake, aphunzitsi kuyang'ana m'mizere, abambo kufunsana za uje ndi uje. Anapeza kuti palibe amene watsala kumunsi. Ngakhale mkulu wina woledzera amene nthawi ngati imeneyo ankagona kuseri kwa chigayo anali pomwepo, atabwera kudzasaka chakudya cha alendo. Debora anakhala pansi pamatope. Tiyirumu ija anaimanga ndi manja ake, njerwa ndi njerwa, mwana wake Memory ali kumsana. Anafuna kulira, koma akayang'ana anthu onse ali amoyo, misozi inkabwerera.

Mayi Chimwaza anavula magalasi, nawapukuta, ndipo ananena kuti lero aona ndi maso awo chimene kumvera boma kumachita. Anthu anaomba m'manja, ena akuyang'anana cham'mbali. Mtolankhani wina anali kale pa lamya, akufuulira anzake a ku Lilongwe kuti mudzi wonse wapulumuka chifukwa unasamuka nthawi yabwino.

Apo ndi pamene mvula yeniyeni inafika. Inabwera ndi mphepo, n'kuzula tenti ya alendo n'kukaiponya m'tsekera. Aliyense anathawira kumene akanatha. Mayi Chimwaza, jombo zili phwa phwa phwa, analunjika nyumba ya makatani okongola ija. Debora anathamanga kuti akawakumbutse za chifuwa cha apongozi, koma anapeza chitseko chatseguka kale.

Bwanayo anali ataima pabalaza. Kutsogolo kwawo kunali matiresi otsamira khoma, mbuzi ziwiri zobisala mvula, ndipo kupitirira apo kunali dziko lonse la Dowa, mapiri ndi zigwa, mvula ikugwera bwinobwino m'chipinda chogona.

"Mayi," anatero mayi Chimwaza osatembenuka, "nyumba yanuyi ili ndi zenera lalikulu."

"Kuno n'ku Mphepo, bwana," anayankha Debora. "Timakonda mpweya wabwino."

Bwanayo sanaseke. Anatulukira kumbuyo komweko, poti kunalibe chowaletsa, nayenda pamvula kuseri kwa mzere wonse wa nyumba. M'nyumba iliyonse anthu anali ataunjikana kumaso kumene kunali denga, ndipo ankawapatsa moni mwaulemu akamadutsa. Atafunsa za chimbudzi, Elube anawaperekeza ku kampanda kaudzu kokhala ndi chitseko chabwino. Anatulukamo msanga, chifukwa mkatimo munalibe dzenje.

Atabwerera kwa Debora anaitanitsa a Kalebe. Zimene anawauza sizinali zofuula, koma bamboyo anafota ngati fodya wothyoledwa dzulo. Anawatchulira za bodza, za kuchititsa manyazi boma, za ntchito imene ithe asanafike kuboma. A Kalebe anangogwira taye yawo yonyowa. Debora anali akukoleza mbaula pakona youma, ndipo poyamba anati nkhani ya mabwana siimukhudza. Koma anakumbukira kuti munthuyu sanawanyozepo, ndipo mtima wake, umene unali utadzaza kale ndi za tiyirumu, unasefukira.

"Bwana, a Kalebewa musawaphere chabe," anatero. "Khomali sanalisiye ndi iwo, tinalisiya ndife. Munatiuza kuti tikwere kuno, tidzapeza mjigo ndi msewu. Ife tinakumangirani kumaso, inunso munatimangira kumaso. Kumbuyo tonse tikudikirana."

Mayi Chimwaza anamufunsa kuti madzi a tiyiyo achokera kuti. Debora anati achokera pachitsime cha kumunsi, chimene pano chili pansi pa Mphondwe, ndipo ndowa imeneyo ndi yomaliza. Bwanayo analandira kapu, namwa pang'onopang'ono.

Kubwerera kunali kosatheka. Mlatho unali utapita, galimoto ili pansi pa fodya wa a Malizani. Abambo anamanga mapepala apulasitiki ndi tenti yong'ambika ija kumbuyo kwa nyumba zingapo, ndipo Mudzi wa Chitetezo unagonedwa koyamba chiumangireni. Mayi Chimwaza anagona pamatiresi a Debora, pakati pa Debora ndi Elube, atafunda bulangete limene ofesi yawo yomwe inagawa. M'mawa anadandaula kuti ndi lalifupi, ndipo Elube anawauza kuti akapinda miyendo limakwana.

Kutacha, amayi ananyamuka kukasaka madzi ku kasupe wa kuseri kwa phiri, ndipo bwanayo anati apita nawo kuti akaone okha. Ulendowo unali wotsetsereka popita, wokwera pobwera. Iwo ananyamula kachigubu kakang'ono, koma anafika nako katatsala theka, akupuma ngati ng'ombe za pangolo zija.

Anapeza anthu atazungulira wailesi. Nkhani za m'mawa zinali kutamanda boma chifukwa chosamutsa anthu a pa Kachigwa madzi asanafike. Dzina la mayi Chimwaza linatchulidwa, la a Kalebe linatchulidwa, ngakhale la a Malizani, amene anali atakhala pamwala akudandaula za fodya wawo. Atamva dzina lawo anadzuka n'kufunsa ngati bwana athana nazo jombo zija. Wowerenga nkhaniyo anamaliza ndi kunena kuti nduna ikukonza zokayendera mudziwo njira ikangotseguka, pamodzi ndi alendo akunja amene anathandiza ndi malata.

Mayi Chimwaza anakhala pabenchi. Debora anawathirira tiyi, nawaikira chitumbuwa chotentha, ndipo analankhula ngati akudzilankhulira yekha.

"Kaya anduna amakonda kuzungulira kuseri kwa nyumba, kaya. Azungu aja ndiye ndimawadziwa, sachedwa kupempha chimbudzi."

Apa ndi pamene bwanayo anaseka. Anaseka mpaka kuvula magalasi, tiyi kutayikira pachitenje chobwereka. Atatha anaitana a Kalebe, nawauza kuti za ntchito yawo aziona bwino, koma pakali pano akwere pamwala pamene lamya imagwira bwino, ayambe kuimbira anthu amene iwo awatchule.

Anthu a pa Kachigwa sanaonepo boma likuthamanga chotero. Madzi atangophwa, kunabwera thirakitala kudzakonza powolokera. Pambuyo pake panabwera galimoto ya simenti, njerwa ndi malata, kenaka chimakina chokumba mjigo chimene chinakwera phirilo chikulira ngati chikukakamizidwa. Mayi Chimwaza ankabwera okha kudzayang'anira, atavala nsapato zafulati, ndipo ankayambira kuseri. Anthu anamanga makoma akumbuyo mosanyinyirika, popeza kumunsi kunalibenso kobwerera. Debora anaika mabenchi ake pansi pa tenti pafupi ndi okumba mjigo, ndipo amisiriwo anamwa tiyi wambiri kuposa anyamata a kabaza.

Nduna inabwera chimanga chitauma. Inaima panjira, inajambulitsa itagwira chitseko cha Debora, inapopa mjigo pang'ono n'kuomberedwa m'manja. Mayi Chimwaza anaipempha kuti izungulire kuseri ikaone mmene nyumbazo zamangidwira molimba, koma inati nthawi yatha, ikuyembekezeka kwina. A Malizani, amene anali atakhala masiku akupaka laimu khoma lakumbuyo, zinawapweteka kwambiri, ndipo anagwira mzungu mmodzi padzanja n'kumuzungulitsa nyumba yonse mokakamiza.

A Kalebe anakwezedwa pantchito n'kutumizidwa ku Ntchisi. Msewu wokwera ku Mphepo unalimidwa mpaka pakati pa phiri, pamene chimakina chake chinathera mafuta, ndipo unalekera pomwepo. Debora anapita kukaona pamene unathera. Panali kamalo kathyathyathya, pamwamba poti Mphondwe sangafike, pamunsi poti njinga ya kabaza ikhoza kukwera munthu osatsika. Anauza amuna ake kuti tiyirumu yatsopano imangidwa pamenepo. A Malizani anati malowo ndi a msewu wa boma, ndipo chimakina chikadzabweranso chidzagumula.

"Chikadzabwera, bambo a Memory, tidzachiphikira tiyi," anatero Debora.

Anaumba njerwa chilimwe chomwecho. Galimoto yoyera ija inakhala mumchenga mpaka mwezi wa Okutobala, pamene anthu a kuboma anabwera ndi thirakitala kudzaikoka. Anapeza nkhuku ya Elube ikufungatira mazira pampando wa dalaivala. Elube anawachonderera kuti adikire iswe, ndipo iwo, atamwa tiyi kwa Debora n'kukambirana, anagwirizana kuti galimoto imene yadikira miyezi yonseyi singafe ndi sabata imodzi. Anabwerera ndi thirakitala yawo, atanyamula zitumbuwa m'jumbo.